Dzina la amayi anu si loko wolimba

Ambiri timati funso lachinsinsi ndi lodalirika chifukwa yankho lake timalidziwa tokha. Maganizowa ali ndi pogwira. Potsegula akaunti ya imelo amakufunsani dzina la amayi anu asanakwatiwe, sukulu yanu yoyamba, kapena chakudya chimene mumakonda. Izi ndi nkhani zapamtima, n'chifukwa chake zimamveka ngati zobisika.

Komatu chapamtima sichikhala chachinsinsi nthawi zonse. Kwathu kuno amayi amatchedwa Nabanda, Naphiri kapena Nambewe pachitsime, kutchalitchi ndi pamaliro, mudzi wonse ukumva. Sukulu ndi tsiku lobadwa timazilemba tokha pa Facebook. Mu 2008, David Kernell, wophunzira wapayunivesite ku America, analowa mu imelo ya Yahoo ya Sarah Palin, yemwe ankapikisana pa mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti. Iye anangofufuza pa intaneti tsiku limene mayiyo anabadwa, dera limene ankakhala, ndi kumene anakumana ndi mwamuna wake, kusekondale ya Wasilla.

Ena amati mlendo wosandidziwa sangalote yankho langa. Aliyense amadziona kuti ndi wosiyana ndi anzake, ndipo n'zoonadi. Koma pa zokonda timafanana kwambiri. Kafukufuku wa Google wa mu 2015 anapeza kuti wakuba akangolemba "pizza" pa funso la chakudya chokondedwa, amalondola pafupifupi pa munthu mmodzi mwa asanu alionse olankhula Chingerezi. Taganizani angati mwa ife tingalembe nsima ya chambo.

Palinso ochenjera amene amati ndimangolemba bodza. Nzeruyi ndi yabwino ndithu, ndipo mwa anthu amene anavomera m'kafukufukuyo kuti amalemba bodza, 37 pa 100 alionse anati amatero kuti yankho livute kulota. Vuto n'lakuti mabodza a anthu amakonda kufanana, ndiye wakuba amawalota mosavuta. Mwini wake amaiwalanso: olankhula Chingerezi ku America pafupifupi 40 pa 100 analephera kukumbukira mayankho awo atawafuna.

Ambiri timakhulupiriranso kuti kampani yaikulu imasunga bwino mayankho athu, poti ili ndi ndalama ndi akatswiri. Koma mu 2013 akuba anathyola Yahoo, ndipo kampaniyo inadzaulula kuti maakaunti onse 3 biliyoni anakhudzidwa. Mwa zobedwazo munalinso mafunso achinsinsi ndi mayankho ake. Password yobedwa mumaisintha tsiku lomwelo, koma dzina la amayi anu simungalisinthe. N'chifukwa chake mu 2017 bungwe la boma la America la NIST linalangiza kuti mafunsowa asamagwiritsidwenso ntchito potsimikiza mwini akaunti.

Tsono abale anga, ngati akaunti yanu ikulola kutsimikiza kawiri, monga polandira nambala pafoni, tsegulani njira imeneyo lero, ndipo nambalayo musauze aliyense. Akakukakamizani kuyankha funso lachinsinsi, phatikizani mawu angapo osagwirizana ndi moyo wanu, osiyana pa akaunti iliyonse, ndipo muwalembe m'kope losungika bwino kunyumba.