Nsima wachepetsa koma sikelo siikutsika

Tiyerekeze kuti mayi wina wogulitsa kaunjika pamsika wa Lunzu wauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi chifukwa magazi ake ayamba kuthamanga kwambiri. Mayiyu wamvera. Mitanda itatu ya nsima waichepetsa kufika pa umodzi ndi theka, mandasi a m'mawa wasiya, ndipo m'malo mokwera kabaza akuyenda wapansi. Patha mwezi, wakwera pasikelo, koma palibe chasintha. Kunyumba ayamba kumunena kuti akudya mobisa.

Nkhani yotereyi si yachilendo. Kafukufuku wa zaumoyo yemwe boma lidachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka zapakati pa 15 ndi 49 m'dziko muno adali onenepa kuposa muyezo. Koma si onse amene adafika pamenepa chifukwa cha mbale yokha. Kwa ena, gwero ndi mahomoni, timadzi ta m'thupi tomwe timayendetsa njala, msambo ndi momwe thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Kwa enanso ndi mankhwala omwe akumwa tsiku ndi tsiku.

Limodzi mwa mavuto a mahomoni limayambira pakhosi, pakachiwalo kaja kamene kakatupa anthu amati chithokomiro. Kachiwaloka kakafooka, thupi limagwira ntchito pang'onopang'ono. Munthu amakhala wotopa nthawi zonse, amamva kuzizira anzake akutuluka thukuta, amadzimbidwa, khungu limauma ndipo thupi limawonjezekera makilogalamu angapo, ambiri mwa iwo ali madzi. Vutoli limadziwika poyeza magazi, ndipo mankhwala ake ndi levothyroxine, omwe amamwedwa tsiku lililonse. Sagwira lero ndi lero. Pamapita masabata angapo munthu asanayambe kumva kusintha.

Vuto lina ndi PCOS, lomwe limagwira mayi pafupifupi mmodzi mwa amayi 10 alionse a msinkhu wobereka, ngakhale ambiri sadziwa kuti ali nalo. Zizindikiro zake ndi kusamba modumphadumpha, ziphuphu, tsitsi lomera pachibwano komanso kuvutika kutenga pathupi. Thupi la mayi wotere kawirikawiri silimvera bwino insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi, choncho mafuta amaunjikana pamimba mosavuta. Chosangalatsa n'chakuti kutsika pang'ono chabe kumathandiza. Mayi wolemera makilogalamu 80 akachotsako 4 mpaka 8, nthawi zambiri msambo umayamba kubwera bwino.

Kumbali ya mankhwala, nkhani yaikulu ili pa ma ARV. Mu 2019 dziko lino lidayamba kusamutsira anthu ambiri ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, omwe amagonjetsa kachirombo ka HIV msanga. Koma kafukufuku wa ADVANCE, yemwe adachitikira ku Johannesburg, adapeza kuti m'masabata 96 omwe amamwa dolutegravir pamodzi ndi mtundu wa tenofovir umene uli m'mapiritsi a kuno adawonjezera makilogalamu pafupifupi 4, pamene omwe amamwa efavirenz adawonjezera pafupifupi 2. Amayi ndiwo adanenepa kwambiri kuposa abambo.

Jakisoni wolerera wa Depo-Provera, yemwe amayi ambiri amabayitsa miyezi itatu iliyonse, amanenepetsanso ena, ngakhale si onse. Mapiritsi a prednisolone, omwe amaperekedwa kwa odwala mphumu ndi matenda ena, amatsegula njala ndipo akamwedwa nthawi yaitali nkhope imafufuma. Insulin wa odwala shuga ndi mankhwala ena a matenda a ubongo amachitanso chimodzimodzi.

Ngozi imabwera munthu akataya mtima n'kusiya mankhwala payekha. Wosiya ma ARV amapatsa kachirombo mpata wochulukananso ndi kupima mankhwalawo. Wosiya jakisoni asanasankhe njira ina akhoza kutenga mimba yosakonzekera. Wosiya prednisolone mwadzidzidzi atamwa nthawi yaitali akhoza kufooka kwambiri, ngakhale kutaya moyo. Enanso amathamangira tiyi wochepetsa thupi wogulitsidwa m'misika, pomwe ambiri mwa iye amangotsegula m'mimba n'kuchotsa madzi, mafuta ali pomwepo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Amene akuona thupi likukwera atayamba mankhwala atsopano ayenera kupita ndi buku lake lakuchipatala kwa dokotala, n'kufotokoza nthawi imene kunenepako kudayamba. Mankhwala ena angathe kusinthidwa, monga kuchoka pa jakisoni kupita pa lupu, koma chisankhocho chipangidwe pamodzi ndi achipatala.

Izi sizikutanthauza kuti kusamala kadyedwe n'kutaya nthawi. Ndiwo zamasamba zochuluka, nyemba, usipa, mgaiwa wapakatikati, kuchepetsa zakumwa zotsekemera ndi zokazinga, komanso kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pasabata zimatsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi ngakhale sikelo isanasunthe. Akatswiri amati kutsika theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pasabata n'kokwanira, ndipo kwa amene ali ndi vuto la mahomoni kumatha kuchedwerapo. Chingwe choyezera m'chiuno nthawi zina chimaonetsa kusintha sikelo isanatero.

Banja nalo lili ndi mbali yake. Kuno kwathu kunenepa kumatengedwa ngati chizindikiro cha kusungidwa bwino, ndipo munthu akayamba kuwonda anthu amanong'onezana kuti wadwala. Mayi wa ku Lunzu uja angapirire mosavuta ngati mwamuna wake ndi ana asiya kumuseka n'kuyamba kudya naye zomwe akudyazo, komanso kumuperekeza kuchipatala kukayezetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi umodzi ndi wochepa kuti munthu aweruze kuti walephera.