Mzamba akatopa mtima, amamuthandiza ndani?

Pofika m'bandakucha, mzamba wogwira usiku pachipatala cha Mitundu amakhala atathandiza amayi angapo kuchira, wina atamukweza ambulansi yopita kuchipatala cha Bwaila. Akafika kunyumba, nsima siitsika. Akati atseke maso, ikubwera ndi nkhope ya khanda lija silinalire. Madzulo avalanso yunifolomu ngati palibe chachitika.

Ku Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1, anamwino amalandiranso ovulala pangozi zapamsewu. Nanga alangizi a zaumoyo? Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, iwo ndi amene ankazungulira midzi ndi kolorini, n'kumaletsa anamfedwa kusambitsa maliro a m'bale wawo. Mawu amene ankalandira pamaliro otere sanali otsekemera.

Kutopa kwa mtundu uwu sikutha ndi tulo ta usiku umodzi. Mu 2019 bungwe la WHO linakuzindikira kuti ndi vuto lochokera kuntchito, lotchedwa burnout: mphamvu zimatheratu, mtima umauma, munthu n'kuyamba kudziona ngati wopanda phindu. Kafukufuku amene anatuluka mu 2018 anafunsa anthu 520 othandiza odwala HIV m'zipatala za m'Malawi, ndipo 62 mwa 100 aliwonse anapezeka ndi vutoli. Otopawo ndi amenenso ankavomera kawirikawiri kuti odwala sanawasamalire bwino. Tikamaimba foni pawailesi kudandaula za "anamwino amwano", mbali iyi sitimaitchula. Mwano ndi woipa ndithu, koma wina umachokera pamenepa.

Kuchira kumayamba ndi zinthu zooneka zazing'ono. Tchuthi chikhale tchuthi, osati kuchithera pa ganyu ya locum chifukwa cha fizi ya ana. Mayi kapena khanda akamwalira, ogwira ntchito akhale pansi n'kukambirana mmene zawakhudzira, osangofunsana kuti walakwa ndani. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaonetsa kudzera mu Friendship Bench kuti ngakhale agogo ophunzitsidwa kumvetsera, atakhala pabenchi, amapepuza munthu wovutika maganizo.

Koma maloto oipa akapitirira mwezi, kapena mowa ukayamba kulowa m'malo mwa tulo, pafunika akatswiri. A chipatala cha St John of God ali nawo mu Lilongwe. Inu akuluakulu a pawodi, mnzanu akayamba kukhala chete kapena kupsa mtima zilizonse, muitanireni pambali musanamulembere kalata yomuchenjeza.