Za Nzeru za Okalamba ku Dziko la Korea

Kutali kum'mawa, pakati pa China ndi Japan, kuli dziko la Korea. Anthu a kumeneko amawerenga zaka m'magulu a 60, ndipo munthu akatsiriza gulu lace loyamba, ana ace amamkonzera phwando lochedwa hwangap, namgwadira mmodzimmodzi kuyambira wamkuru, nampatsa cikho ca mowa. Msinkhu umenewo uli ndi dzina linanso, isun, ndiko kunena khutu lofatsa. Dzinali analitenga m'ciphunzitso ca Confucius, mphunzitsi wa ku China amene anamwalira zaka 479 Ambuye asanabadwe. Taonani abale, nzeru ya wokalamba anaiika pa khutu: kumva mau olasa mtima osapsa nawo, kumva mlandu kufikira utatha.

Mafumu ao anacizindikira ici. Mu 1394 mfumu Taejo inakhazikitsa nyumba ya Giroso, yolemekezeramo nduna zazikuru zofika zaka 70. Ndipo nduna yotere ikapempha kupuma, nthawi zina mfumu inkakana, niipatsa mpando ndi ndodo, kuti isacoke pa bwalo.

Okalamba a lero a ku South Korea anaona nkhondo ya 1950 mpaka 1953 ali ana, nakula ndi njala, namanga dziko ndi manja ao. Tsopano anthu amafika zaka 83 kawirikawiri, kotero kuti hwangap yacepa ulemu. Phwando lalikuru lasamukira ku zaka 70 ndi 80. M'mwezi wa December 2024 munthu mmodzi mwa asanu anali atafika zaka 65. Koma anyamata ali nalo dzina lonyoza, kkondae, la mkulu wokonda kulangiza asanafunsidwe. Okalamba amaliopa dzinalo, ndipo amacenjezana okha okha kuti munthu akakula atseke pakamwa, natsegule thumba la ndalama. Kudzicepetsa, kusalowerera za m'nyumba ya mwana wako, kusakhala katundu kwa iye: izi ndizo ambiri a iwo amaziyesa nzeru.

Ife mau a thumbawo satikondweretsa konse. Pafupifupi okalamba anai mwa khumi kumeneko ndi osauka, ndipo m'miseu ya Seoul muli agogo okankha zingolo za makatoni otola kuti agulitse. Amenewo alibe thumba lotsegula, ndipo auzidwa kale kuti pakamwa atseke.