Dzina pa Mkuwa, Dzina m'Mbumba

Ku England, mnyamata amene anasiya cholembera ndi mabuku a ndalama m'banki, napita ku nkhondo ya 1914 kapena ya 1939, nagwa komweko, sanaiwalike m'nyumba imene ankagwiramo ntchito. Pakuti mabanki monga Barclays ndi Lloyds anazokota maina a akalaliki awo pa miyala ndi pa mkuwa, ndipo Bank of England inaimika m'munda mwake chifanizo cha Christopher Woyera, kuti wolowa ndi wotuluka yemwe adziwe kuti pa mpando wakuti padakhala mwana wa munthu.

Kwathu chikumbutso chimakhala m'mbumba. Akuluakulu amati maliro n'kulirana, ndipo ngakhale m'timabwalo topanikizana ta ku Kamwala muno mu Lusaka, amuna amachezera pa moto kunja, amayi ali pa mphasa m'nyumba, kufikira adzukulu atafotsera manda. Pambuyo pake abale ameta, patapita nthawi aika chiliza, ndipo khanda likabadwa alitcha dzina la malemuyo, kuti azakhali akamaliitana kudzadya nsima, wakufayo amvekenso pakhomo. Ine ndiyesa mwambo umenewu wopambana mkuwa uja, popeza dzina la m'mbumba limayenda, limakula, limakwatira.

Koma mwambo wathu ufuna mtembo ndi manda, ndipo apa ndi pamene mtima umandiwawa. Anyamata a Northern Rhodesia Regiment amene anagwa ku Tug Argan, m'dziko la Somaliland, mu Ogasiti 1940, ndi anzawo amene anatsala m'nkhalango za ku Burma mu 1944, sanabwerere kudzagona pakati pa makolo awo. Ndiponso m'masiku amenewo munthu wakuda m'banki za mu Cairo Road nthawi zambiri anali mesenjala kapena wosesa, amene khoma la banki silikadamuwerengera. Maina a malo amene anyamatawo anaferako ndiwo anatsala: msewu wa Burma wodutsa pafupi ndi Kamwala, misasa ya asilikali ya Arakan muno mu Lusaka ndi Tug Argan ku Ndola.

Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti Aafirika ambirimbiri a nkhondo yoyamba ija ya 1914, asilikali ndi amtengatenga omwe, sanakumbukiridwe monga Azungu anzawo. Mwa maina amenewo, ena akali m'kamwa mwa agogo a ku Kamwala ndi ku Chipata, ndipo zidzukulu zodziwa kulemba ziyenera kukhala nawo pansi ndi kuwafunsa akali moyo.