Mavalavu ndi Covala ca Kabokosi ka Reverb

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nkhani yathu ya lero ndi ya kabokosi kena kamene oimba gitala yamagetsi amakakonda kwambiri. Dzina lake ndi reverb. Tiona m'mene kamagwirira nchito, cifukwa cimene eni ake amasinthira timabotolo tagalasi tokhala m'kati mwake, ndiponso m'mene amakakongoletsera kunja.

Tiyambe ndi cinthu cimene nonse mucidziwa. Mukaimba m'chalichi cacikulu mopanda anthu, mau anu satha msanga ai. Amagunda zipupa ndi denga nabwerera m'makutu mwanu kambirimbiri, kufikira atazilala pang'onopang'ono. Koma mukaimba pabwalo, mau amathera pomwepo. Kucedwa kutha kwa mau kumeneku ndiko kumene Angerezi amakucha reverb, ndipo kumakometsa nyimbo.

Kodi woimba amene ali m'cipinda cacing'ono angacite bwanji kuti mau ake amveke monga a m'nyumba yaikulu? Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Laurens Hammond, wopanga malimba amagetsi ku America, anayamba kugwiritsa nchito masipuling'i. Mau akasandulika magetsi amagwedeza mapeto amodzi a sipuling'i. Kugwedezekako kumayenda kufika kumapeto ena, nikubwerera, nikupitanso, monga momwe mau acitira pakati pa zipupa. Mu 1961 kampani ya Leo Fender, ya mu mzinda wa Fullerton ku California, inatenga masipuling'i a Hammond niwaika m'kabokosi kapadera ka oimba gitala, kamene nambala yake ndi 6G15. Woimba wochedwa Dick Dale ndi anzake a ku California ndiwo anakachukitsa. Kabokosika kalibe sipika. Kamakhala pakati pa gitala ndi ampulifaya, ndipo kali ndi zopotokola zitatu: Dwell yoonjezera mphamvu yogwedezera masipuling'i, Mixer yosanganiza mau a gitala ndi mau obwerera, ndi Tone yopepuza kapena kulemeza mauwo.

Magetsi ocokera ku gitala ndi ofooka kwambiri, sangathe kugwedeza sipuling'i paokha. Apa ndipo pali nchito ya valavu. Valavu ndi kabotolo kagalasi kamene anakacotsa mpweya wonse. M'kati mwake muli kawaya kamene kamatentha kufikira kufiira, ndipo kutenthako kumatulutsa tinthu tating'onong'ono ta magetsi tochedwa maelekitironi. John Ambrose Fleming wa ku London ndiye anapanga valavu yoyamba mu 1904. Mu 1906 Lee de Forest wa ku America anaonjezamo kawaya kena kolamulira kuyenda kwa maelekitironi, ndipo pa cifukwa cimeneci valavu inatha kukuza magetsi ofooka. Kuno kwathu mavalavu si acilendo. Wailesi ija ya Saucepan Special, imene inafika mu 1949 kuti anthu azimvera nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, inali ndi mavalavu 4. Tsiku la lero mawailesi amayendera matiranzisita, amene anatulukira mu 1947, koma oimba gitala ambiri akali kukonda mau a valavu, ndipo mavalavu akali kupangidwa ku Slovakia, Russia ndi China.

M'kabokosi ka 6G15 muli mavalavu 3. Yoyamba, 12AT7, imalandira magetsi a gitala niwakuza. Yaciwiri, 6K6, ndiyo imagwedeza masipuling'i. Yacitatu, 12AX7, imatola mau ofooka otuluka m'masipuling'i niwakuzanso. Mavalavu samatidwa ndi mtovu ai. Ali ndi timiyendo tacitsulo tolowa m'timabowo, motero munthu angathe kuzula imodzi ndi kuikapo ina.

Eni ake amasintha valavu pa zifukwa ziwiri. Coyamba, valavu imakalamba. Ikafooka, mau amacepa, kapena kabokosi kamayamba kulira mluzu ndi kusokosera. Caciwiri, woimba amafuna mau a mtundu wina. Onani citsanzo ici. Valavu ya 12AX7 ingathe kukuza magetsi nthawi 100, ya 12AT7 nthawi 60, ndipo ya 12AU7 pafupifupi nthawi 20. Zonse zitatu zili ndi timiyendo 9 tokhala mofanana. Woimba akaona kuti masipuling'i akugwedezeka mopitirira muyeso, amaika valavu yofatsa pamalo oyamba, ndipo mau amakhala ofewa. Pamene kampani ya Fender inayambanso kupanga kabokosika mu 1994, inaikamo valavu ya 6V6 pamalo a 6K6. Oimba ambiri anati 6V6 iri ndi mphamvu yocuruka ndipo mau ake ndi aukali, motero anaizula nabwezerapo 6K6, pakuti zonse ziwiri zili ndi timiyendo tokhala mofanana.

Tsopano mverani bwino, ana inu. M'kabokosi kameneka mumayenda magetsi oposa ma volt 250, okhoza kupha munthu, ndipo ena mwa magetsiwo amatsala osungika ngakhale cingwe citazulidwa pakhoma. Galasi la valavu nalo limatentha kotero kuti lingaoche cala. Munthu wamkulu wofuna kusintha valavu ayambe wazimitsa kabokosi, azule cingwe, adikire kuti valavu izizire, ndipo aizule pang'onopang'ono osaipotokola, kuopa kuthyola timiyendo. Asatsegule mbali yacitsulo mmene muli mawaya. Imeneyo ndi nchito ya mmisiri. Komanso si valavu iriyonse yolowa m'mabowo imene iri yoyenera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nanga za kunja? Kabokosika ndi kamatabwa, kokutidwa ndi nsalu yolimba yapulasitiki yochedwa Tolex. Timabokosi toyambirira tinali tofiirira ndi toyera monga mafuta a mkaka, ndipo pambuyo pake panabwera takuda. Woimba angathe kumatula Tolex ndi kumatapo ya mtundu wina, kusintha nsalu ya kutsogolo, cogwirira ca pamwamba ndi zopotokola, kuti kabokosi kafanane ndi ampulifaya yake. Koma akumbukire zinthu ziwiri. Asatseke mpata wa kumbuyo, pakuti mavalavu amafuna mpweya wowaziziritsa. Ndiponso kabokosi kakale ka m'ma 1960 kamatsika mtengo kakacotsedwa covala cake coyamba.

Covala catsopano cimakondweretsa maso, koma sicisintha mau ngakhale pang'ono. Mau amacokera ku mavalavu ndi masipuling'i. Wogula kabokosi cifukwa ca maonekedwe okha asaiwale kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Aphunzitsi, phunziro iri mungaliyese popanda magetsi. Mangani sipuling'i yaitali yofewa pakati pa zitini ziwiri zopanda kanthu. Mwana mmodzi alankhule m'citini cimodzi, wina aike khutu pa cinaco. Pambuyo pake cotsani sipuling'i ndi kumangapo cingwe, ndipo ana afotokoze kusiyana kumene amva. Potsiriza apake citini cimodzi utoto, ayesenso, nalembe m'mabuku mwao ngati utotowo wasintha mau.