Oyendetsa ndege za gudumu lakumchira ndi mphepo za ku Salima

Ntchito yoyendetsa ndege zazing'ono inazika mizu m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, pamene kampani ya Central African Airways inkalumikiza maboma a Nyasaland ndi ndege za de Havilland Beaver, ndipo Air Malawi itakhazikitsidwa mu 1964 inalandira ndege zomwezi pamodzi ndi za DC-3. Mitundu yonse iwiriyi ili ndi magudumu awiri aakulu kutsogolo ndi kagudumu kamodzi kunsi kwa mchira, kapangidwe koyenerera mabwalo a udzu ndi dothi popeza mphuno imakhala yotukuka ndipo pulopela sagunda miyala, koma kamene kamafuna luso lochuluka kwa woyendetsa ndegeyo ikakhudza pansi kusiyana ndi ikakhala m'mwamba.

Vuto lagona pa kulemera kwa ndegeyo, kumene phata lake lili kumbuyo kwa magudumu aakulu, kotero kuti ikangokhota pang'ono ikuthamanga pabwalo, mchira umafuna kupitirira mutu, ndipo woyendetsa akachedwa kuwongola, ndege imazungulira mwadzidzidzi mpaka phiko kukhula pansi. Mphepo yopingasa, ndiye kuti yowomba chodutsa msewu woterapo, imakulitsa ngoziyi pokankha mchira kuti mphuno iloze kumene mphepoyo ikuchokera, monga limachitira bwato lomangidwa pa nangula.

Kugombe la Salima, kumene bwalo la ndege lili m'chigwa chosatalikirana ndi Senga Bay, mphepo zimene woyendetsa amalimbana nazo ndi zomwezo zimene asodzi amaziopa: mwera wochokera kumwera chakum'mawa, umene umalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi mpoto wa nyengo ya dzinja, kuwonjezapo kamphepo kochokera kunyanja masana mtunda ukatentha. Choopsa si mphamvu yokha ayi, koma kusinthasintha kwake, pakuti mphepo yowomba modukizadukiza imanyamula phiko mphindi ino n'kulisiya mphindi yotsatira. Asanatere, woyendetsa amayang'ana thumba lansalu lopachikidwa pamtengo pabwalopo, utsi wa m'minda ndi mafunde a panyanja, kenaka amawerengera gawo la mphepo lomwe likupingasa: mphepo ya manoti 20, noti imodzi ikuyimira pafupifupi makilomita 1.85 pa ola, ikamawomba mopendekera madigiri 30 imakankha cham'mbali ndi manoti 10.

Potera, amatsitsa phiko la mbali ya mphepo, uku akupondereza chiwongolero cha kumchira ndi phazi la mbali inayo kuti mphuno isachoke pamzere, motero gudumu la kumphepo ndilo limayamba kugunda pansi. Akatswiri amasiyana maganizo ngati ndi bwino kuteretsa magudumu onse pamodzi kapena kuyamba ndi aakulu mchira udakali m'mwamba. Njira yachiwiriyi imasunga liwiro limene chiwongolero chimadalira, ngakhale kuti imangochedwetsa nthawi yovuta, pakuti mchira uyenera kutsikabe liwiro likamatha, ndipo ndi pamenepo mapazi amagwira ntchito mosapumira. Woyendetsa wokhwima akaona kuti zasokonekera amawonjezera moto n'kukwereranso, chinthu chimene ophunzira ambiri amachiyesa chamanyazi pomwe aphunzitsi amachiwerengera ngati nzeru.

Masiku ano ndege zambiri zonyamula alendo kunyanja zili ndi gudumu kumphuno, limene limadziwongola lokha, choncho luso lakaleli latsalira makamaka kwa opopera mankhwala m'minda ikuluikulu, amene ndege zawo zikadali za gudumu lakumchira.