Ku Liwonde Mumalowa Ngati kwa Apongozi

Mkamwini akapita koyamba kwa apongozi safika ndi phokoso. Amaodira chapansipansi, n'kukhala pamphasa pomwe amulozera, manja pamawondo, kudikira kuti eni nyumba atuluke okha. Kuonera mbalame m'nkhalango ya Liwonde, yomwe boma linaikhazikitsa mu 1973 m'mbali mwa Shire, kumafuna ulemu womwewo. Mudziwu ndi wa eni, ndipo eniwo ndi mitundu ya mbalame yoposa 400.

Lawirani. Mukafika dzuwa lili paliwombo mupeza pakhomo pali zii, chifukwa mbalame zimadya ndi kulira m'mamawa, kukatentha n'kubisala m'masamba. Malaya ofiira psuu asiyeni kunyumba, valani ofanana ndi udzu wouma. Ndipo monga salozera mpongozi chala, dzanja lisatukuke mwadzidzidzi: mungomva phaa, nthambi yatsala yokha ikugwedezeka.

Mukakhazikika m'bwato loyendera pa Shire, muyamba kuzindikira kuti pano aliyense ali ndi pokhala pake. Nkhwazi, ija ili pachizindikiro cha dziko lathu, ndiye mwini mbumba. Imatera pansonga ya mtengo, chifuwa choyera mbee, ndipo polira imaponya mutu chagada, inzake n'kuyankha kutsidya. Akakowa amayenda m'mapazi mwa njovu kutola tizilombo tovumbulidwa m'udzu, ngati ana otsata amayi pokolola mtedza.

Ine amene amandigwira mtima ndi nantchengwa. Kambalame kodera, kosaoneka bwino, koma nyumba yake ndi nkhokwe yeniyeni pamphanda ya mtengo: timitengo, udzu ndi bango zounjikidwa mpaka denga, khomo laling'ono chapansi lomatidwa ndi matope. Imalimba moti munthu angaimepo. Mwamuna ndi mkazi amamangira limodzi, kamtengo kamodzikamodzi, masabata angapo. Eni ake akachokamo, akadzidzi amalowamo ngati abale opeza nyumba yomangamanga.

Palinso agogo amene satuluka masana. Kadzidzi wamkulu wofiirira wogwira nsomba usiku amakhala duu m'mitengo yowirira ya m'mbali mwa madzi, ndipo alendo ena amawoloka nyanja kudzafuna iyeyu basi. Nokha simungamupeze. Apa mpofunika wokuperekezani wa konkuno, monga ankhoswe odziwa khomo lililonse. Iye amayamba ndi khutu, kenako diso. Akazimitsa injini n'kukugwirani paphewa, kwezani magalasi oonera patali pang'onopang'ono, mutsate pamene akuyang'ana.